Mutu 6: Nsalu ya Chiliza cha a Yobu

1. Uthenga wochokera ku Lirangwe

Chaka chinali chitatha chimwalirire a Yobu, koma akazi awo, a Prisca, anali asanapondenso pamanda. Si kuti sankafuna. Abale a malemuwo anali atawatsekera njira.

Nkhani yake inali iyi. Tsiku la ngozi, a Yobu anali atangoweruka ku bwalo la ndege la Chileka, kumene ankagwira ntchito yonyamula katundu. Asanavule n'komwe nsapato, a Prisca anawatuma kuti akagule mankhwala a mutu ku sitolo za kumsewu. A Yobu anakwera njinga yamoto ya kabaza, ndipo galimoto inawagunda asanafike. Kuyambira tsiku limenelo a Molly, alongo awo a malemuwo, anali ndi mawu amodzi okha: "Akanapanda kumutuma, mlongo wanga bwenzi ali moyo."

Maliro anakaikidwa kwawo ku Lirangwe. Mwambo utatha, a Prisca anabwerera ku Chileka ndi mwana wawo mmodzi yekhayo, Luso, popanda wowaperekeza ngakhale kufika pamsewu.

Ndiye tsiku lina foni inalira. Anali a Walter, mng'ono wawo wa a Yobu, amene ankaphunzitsa pa sukulu ya mishoni kumudziko.

"Alamu, chiliza chamangidwa," anatero a Walter. "Achemwali akuti ngati mukufuna kudzaika nkhata, mubwere ndi nsalu ya banja. Amva kuti Luso amajambula pa kompyuta."

Banja limeneli linali ndi mwambo wake. Pa tsiku lovundukula chiliza, amayi onse a pamudzi ankavala nsalu yofanana, yokhala ndi nkhope ya malemu, ndipo wobweretsa nsaluyo ndiye ankaika nkhata yoyamba.

A Prisca anakhala pansi foni ili m'manja. Anali osangalala ndiponso amantha.

"Luso, mwanawe," anatero, "khomo latseguka pang'ono. Ndikufuna ndikaime pamanda a bambo ako. Chonde usandichititse manyazi."

2. Kompyuta yojambula yokha

Luso anali atalemba mayeso a Fomu 4 ndipo ankaphunzira ntchito pa kashopu ka a Sylvester, pafupi ndi msika wa Chileka. Pamenepo ankapanga makhadi a ukwati, zikwangwani ndi zolemba za pamalaya.

A Sylvester anali ndi njira yawo yojambulira. M'malo mojambula duwa lililonse ndi dzanja, ankalemba malamulo m'chinenero cha kompyuta, chimene amachitcha khodi. Ankaiuza kompyuta kuti: jambula maluwa ambiri, lililonse likhale ndi kukula kwake, asagundane, ndipo mtundu usankhe wekha pa mitundu iyi. Akadina batani, chithunzi chinkamera pa sikirini ngati udzu wa mvula yoyamba. Akadinanso, pankabwera china. Malamulo omwewo, koma chithunzi chosiyana.

Luso anaigwira msanga ntchitoyi. Mutu anali nawo, izi tisamumane. Vuto lake linali lija la anthu amene zinthu zimawayendera mosavuta: munthu akamamulangiza, iye ankavomera ndi mutu maso ali kwina.

Pa nsalu ya bambo ake anatenga pulogalamu imene anapangira khadi la ukwati wina n'kuikonza. Anaika chithunzi cha a Yobu pakati, atavala malaya oyera a kutchalitchi. Analamula kuti timizere ting'onoting'ono tiziyambira pankhope n'kumayenda mokhotakhota mpaka m'mphepete, ndipo kumapeto kwa kamzere kalikonse kuziphuka duwa.

A Sylvester anaona, n'kugwedeza mutu mokhutira. Kenaka anakoka mpando.

"Ntchito ndi yabwino, koma tamvera kaye," anatero. "Makina awa alibe chisoni, alibenso manyazi. Sakudziwa kuti nkhope iyi ndi ya bambo ako. Kwa iwo ndi timadontho basi. Chimene wawauza amachita, chimene waiwala kuwaletsa amachitanso. Ndiye ukaona chithunzi chimene mwini ntchito wachikonda, usunge nambala yake, ija ili pakona ija. Ine ndimaitcha mbewu, chifukwa ukaibzalanso chimamera chithunzi chomwecho. Ukaitaya, ungadine batani mpaka chala kutupa, sichibweranso. Chinanso, chithunzi chachikulu chopita kosindikiza uzichitsegula n'kuchiyendera chonse, ngati mmene mlimi amayendera munda, osati kungosuzumira uli pamsewu. Ndipo chimene mwini ntchito sanachione ndi maso ake usachitumize, ngakhale chikongole bwanji. Khadi la ukwati likalakwika anthu amaseka. Izi ndi za maliro."

"Ndamva, abwana," anayankha Luso, chala chili kale pabatani.

3. Azakhali asankha

Loweruka Luso ananyamula laputopu ya pashopu, nakwera minibasi mpaka pa Kameza, kenaka ina ya ku Lirangwe. Anapeza a Molly atakhala pakhonde akusankha nandolo. A Walter anali pomwepo.

Moni wa a Molly unali wouma.

"Wakula," anatero. "Amako ali bwanji?"

"Ali bwino, azakhali. Akupereka moni."

A Molly sanaulabadire moniwo. Anapukuta manja n'kuuza Luso kuti aonetse zimene wabwera nazo.

Nkhope ya a Yobu itaoneka pa sikirini, a Molly anagwira pakamwa. Timizere tinayamba kuyenda, maluwa n'kumaphuka. Luso anadina batani, pakabwera china. Anadinanso. Pa chithunzi chachitatu panaphuka maluwa ofiira.

"Ima pomwepo," anatero a Molly.

Luso anachotsa chala.

"Mwana wa mlongo wanga, undimvetsetse. Iwe bambo ako unawaona ali m'bokosi, atasambitsidwa, atavala bwino. Ine ndi amene ndinakafika kuchipatala poyamba. Malaya amene anavala tsiku limenelo anali oyera, koma ine sindinawaone oyera. Ndinawachapa ndekha ndi manja awa, madzi kutaya, kuthiranso ena, osayera. Mpaka lero pakhomo pano sindilola munthu kuyanika chovala chofiira. Nkhuku ndimauza ana kuti akaphere kuseri. Anthu amati ndine wovuta, anene. Pa nsalu iyi uike mtundu uliwonse umene ukufuna, koma chofiira ndisachionepo, ngakhale kadontho. Ndalola kuti amako abwere chifukwa Walter wandichonderera. Mtima wanga sunapole. Ngati akufunadi mtendere, ndidzaonera pa nsalu imeneyi."

"Ndichotsa pompano, azakhali."

Luso anatsegula khodi, napeza pamene panali mitundu ya maluwa, n'kufufuta wofiira. A Walter anawerama kuti aone zimene Luso ankalemba.

Anadinanso kangapo. Kenaka panabwera chithunzi cha maluwa oyera ndi achikasu, timizere tobiriwira titazungulira nkhope ngati nkhata. A Molly anachiyang'ana nthawi yaitali.

"Ichi," anatero motsitsa mawu. "Uyu ndiye Yobu."

Luso anasangalala kwambiri, moti anangotseka laputopu n'kuthamangira minibasi kuti akauze amayi ake. Za nambala ya pakona sanaziganize n'komwe.

4. Mbewu yatayika

Lolemba m'mawa a Sylvester anali atapita ku Mdeka kukakhoma chikwangwani. Luso anatsala yekha pashopu. Atatsegula laputopu, pulogalamu inayambira poyamba, ndipo chithunzi cha azakhali chinali chitapita.

Anadina batani. Chinabwera china. Anadinanso, anadinanso, thukuta lili kamukamu. Zonse zinali zokongola, koma panalibe chija.

Dzuwa litapendeka, mayi wa ku kampani yosindikiza nsalu m'tauni anaimba foni.

"Achemwali, fayilo ija bwanji? Ikapanda kufika lero tisanaweruke, nsalu yanu siituluka sabata ino. Makina ali ndi ntchito zina."

Njira zinalipo. Akanatha kuimbira a Sylvester. Akanatha kuuza amayi ake. Akanathanso kupempha mayi wa kukampaniyo kuti amudikire mpaka mawa, iye n'kukwera minibasi kukaonetsa azakhali chithunzi china. Koma ankachita mantha ndi mawu amene a Molly akananena, akuti mwana wa Prisca ndi wosasamala ngati amake. Ankachitanso manyazi kuti a Sylvester adziwe kuti malangizo awo analowera khutu ili n'kutulukira linalo. Paja safunsa anadya phula.

Anasankha chithunzi chofananirako, cha maluwa oyera ndi achikasu. "Azakhali sangasiyanitse," anadziuza. Kenaka analamula pulogalamu kuti ichijambule chachikulu, cha muyeso wa nsalu.

Apa ndi pamene panagona tsoka. M'khodi muja mitundu inalembedwa pawiri: pena ya maluwa, pena ya timizere. Luso anafufuta wofiira pa maluwa pokha. Pa chithunzi chaching'ono timizere tinali tochepa, ndipo tofiira sitinkaoneka kawirikawiri. Koma pa chachikulu pulogalamu inkajambula timizere tambirimbiri kuti malo adzaze, ndipo tonse tinkayambira pankhope.

Ili mkati mojambula, magetsi anazima. Luso anachepetsa kuwala kwa sikirini kuti batire isathe. Fayilo itatuluka inali yolemera, ndipo kuitsegula yonse kukanatenga nthawi. Anangoyang'ana kachithunzi kake kakang'ono kapambali, kaja kokhala ngati sitampa. Pafupi ndi kolala ya malaya anaona ngati pali timizere takuda. Anayandikitsa nkhope, naima kaye. Mtima unamuuza kuti atsegule.

Foni inaliranso. Luso anatumiza.

Madzulo a Prisca anamuchingamira pakhomo.

"Yapita?"

"Yapita, amayi."

"Ndi ija anasankha alamu ija?"

Luso anawerama ngati akumasula nsapato.

"Ndi yomweyo."

5. Mtolo utsegulidwa

Nsalu zinatuluka m'mawa wa tsiku lenilenilo la chiliza, zitakulungidwa m'pepala lakhaki ndi kumangidwa ndi chingwe. Mu minibasi Luso anauika mtolowo pamiyendo. Atadutsa Lunzu anayamba kukanda pepala pakona ndi chikhadabo.

A Prisca anamumenya kadzanja.

"Usatero. Kwa abambo ako nsalu ya chiliza amatsegula ndi mwini mbumba, azakhali ako. Tikafika nayo yotsegula adzati tawadyera ulemu."

Pamudzi panali patadzaza anthu. Amayi a Mvano, atavala zoyera, ankaimba pansi pa mtengo wa mango. Abusa anali atafika kale. Chiliza chinali kumanda, kuseri kwa minda, chitaphimbidwa, kudikira gulu.

A Prisca anagwada patsogolo pa a Molly n'kupereka mtolo ndi manja awiri.

"Alamu, ndabwera nayo."

"Mwachita bwino," anayankha a Molly. Aka kanali koyamba kuwalankhula chichitikire maliro, ndipo maso a a Prisca anadzaza misozi.

A Molly anadula chingwe. Amayi awiri anatenga nsalu yapamwamba, wina uku wina uku, n'kuitambasula padzuwa kuti aliyense aone.

Nyimbo inafa pang'onopang'ono, kuyambira kwa amene anali kutsogolo.

Maluwa anali oyera ndi achikasu ndithu. Koma kuchokera pamphumi pa a Yobu, m'mphuno ndi pakona pa mlomo, timizere tofiira tinatsetsereka mokhotakhota, kudutsa pakhosi, mpaka kufalikira pamalaya oyera. Nkhope inabwerezedwa kanayi pansalupo, ndipo paliponse zinali chimodzimodzi. Wina anatambasula nsalu yachiwiri. Inali yomweyo.

A Molly sanakuwe. Anangokhala pansi pafumbi. Luso ankalakalaka nthaka itang'ambika.

Kenaka a Molly anadzutsa mutu.

"Ndinapempha chinthu chimodzi," anatero. "Sindinapemphe ng'ombe, sindinapemphe kuti mundibwezere mlongo wanga. Ndinatsegula mtima wanga pamaso pa mwana, ndinamuuza zimene sindinauzepo munthu. Lero mwanditengera zomwezo, mwazisindikiza pansalu, kuti ndizivale m'chiuno, ndiziyenda nazo kumanda anthu akuona. Luso, bwera kuno. Iyi ndi imene ndinasankha?"

Luso anayenda ngati wodwala. Anaima patsogolo pawo atawerama.

A Prisca anamuyang'ana kamodzi kokha. Mayi amamudziwa mwana wake. Anaimirira n'kuima pakati pa Luso ndi a Molly.

"Mwanayu alibe mlandu, alamu. Ija munasankha ija ine sinandisangalatse. Ndine ndinamuuza kuti asinthe."

Anthu anayamba kung'ung'udza. Mayi wina wachikulire analavula pansi.

"Ndinadziwa," anatero a Molly. "Munamutuma kukafa, lero mwabwera kudzationetsa mmene anafera. Nyamukani. Manda a Yobu simudzawaona ine ndili moyo. Mwanayo atsale ngati akufuna, ndi magazi athu."

A Prisca anawerama, natola kachikwama kawo, n'kuyamba kuyenda. Nkhata imene anabwera nayo inatsala pamkeka. Luso anawatsatira akulira.

6. Pamsewu

Anakhala pamwala pafupi ndi siteji ya minibasi. Linali tsiku wamba kwa anthu ena onse: ogulitsa tomato ankaitanira malonda, anyamata a kabaza ankakanganirana wokwera. Minibasi ya ku Blantyre inaima, kondakitala n'kuwaitana, koma a Prisca anapukusa mutu.

"Amayi, ndine," anatero Luso. "Chithunzi chija ndinachitaya. Ndinatumiza china osachiona bwino. Ndinakunamizani."

"Ndikudziwa."

"Ndiye mwaneneranji kuti ndinu? Tiyeni tibwerere ndikawauze."

"Khala pansi." A Prisca sanakweze mawu. "Wandipweteka, Luso, sindikubisira. Chaka chonse ndakhala ndikukonzekera mawu oti ndikawauze bambo ako pamanda paja. Ndimafuna ndikangowauza kuti mutu unkandipwetekadi tsiku lija, sindinawatume mwadala. Ukanandiuza zoona Lolemba, bwenzi titapita limodzi kwa alamu, kukagwada, kukapempha kuti asankhenso. Akanatikalipira, koma kukalipiridwa sikupha munthu. Tsopano madzi atayika, saoleka. Koma tamvera. Ine anandida kale, kundidanso sikusintha kanthu. Iwe akakuda, manda a bambo ako udzawaonera patali ngati ine. Ndiwe mwana, ukufunika kukhala ndi abale. Zimenezi sindilola."

Luso anabisa nkhope m'manja. Chisoni chinamugwira, ndipo manyazi anaposa chisonicho.

Atadzutsa mutu anaona a Walter akubwera ndi njinga yakapalasa, jekete la suti lili paphewa. Anatsika n'kuima patsogolo pawo, akupuma mwamphamvu.

"Alamu, inu kompyuta simudziwa ndi poyatsira pomwe," anatero. "Ine ndinalipo tsiku lija. Ndinaona amene ankalemba, ndinaonanso mmene anatsekera laputopu mothamanga. Ndawauza achemwali kuti mlandu uwu sunafunsidwe bwino."

"Alamu, zisiyeni," anatero a Prisca.

"Sizingasiyike. Chiliza sichinavundukulidwe, abusa akudikira, anthu onse ali kumanda." A Walter anatembenukira kwa Luso. "Azakhali ako akuti ubwere wekha. Ukaime pamutu pa manda a bambo ako, ukanene pamaso pa anthu amene anasintha nsalu. Akuti pamenepo munthu sanama."

Luso anaimirira. A Prisca anamugwira mkono mwamphamvu, zala mpaka kulowa m'thupi.

"Ukapita," anatero, "ukanene kuti ndine."

A Walter anatembenuza njinga kuloza kumudzi, n'kuigwira kuti Luso akwere.